Kafupa kapabondo kakamaguluka, musangozolowera

Anzanga, ndimamva chisoni ndikaona munthu wamkulu akutsika masitepe chammbali, dzanja lili pabondo, poopa kuti kafupa kapabondo kagulukanso. Ena mpaka anaphunzira kukabwezera okha n'kupitiriza ulendo. Chonde musatero.

Kafupaka kamayenda m'kangalande ka fupa lantchafu, ndipo mtsempha wotchedwa MPFL ndi umene umakagwira chamkati. Kakaguluka, kawirikawiri kamathawira chakunja, ndipo mtsemphawo umang'ambika kapena kutamuka. Ikakhala nthawi yoyamba, madokotala sathamangira opaleshoni. Amamanga bondo n'kukuyambitsani mafizo, pokhapokha ngati kachidutswa ka fupa kabenthuka. Koma zikamabwerezabwereza, malo okhudzana mafupawo amaperepeseka, ndipo mapeto ake akhoza kukhala nyamakazi.

Opaleshoni yodziwika kwambiri ndi yoika MPFL watsopano. Amatenga mtsempha wina, nthawi zambiri wakuseri kwa ntchafu yanu yomweyo, n'kuumangirira pakafupako ndi pafupa lantchafu. Kwa ena zimenezi sizikwana chifukwa vuto ndi kapangidwe ka mafupa. Mtsempha wotsika kuchokera pabondo ukakhala kuti unamera chakunja kwambiri, amadula kamfundo ka fupa lamsongolo pamene mtsemphawo unamera, kukasuntha, n'kukamanga ndi masikulu. Kangalande kakakhala kosazama, amakakumba. N'chifukwa chake ine ndimati musavomere kulowa m'fiyeta musanajambulidwe X-ray ndi MRI n'kufotokozeredwa chimene chikugulula bondo lanulo.

Ndipo opaleshoni payokha simaliza ntchito. Pali ndodo, pali mafizo owawa, ndipo ambiri amabwerera ku masewera patatha miyezi 6 kapena kuposerapo.