Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Kulongedza Chikwama cha Ulendo wa ku St Andrews

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ine, alamu anga ndi anzathu awiri aja tinamanga mfundo yoti tipite ku Scotland, tikasewere gofu ku St Andrews ukalamba usanatigwire maondo. Ndikudziwa kuti mukufuna ndifike msanga pabwalopo. Pepani, lero sitifikako. Lero tikhala pa chikwama, chifukwa munthu amene analowa mu gofu ngati kadi, wonyamulira osewera zikwama, sangaidumphe nkhani ya katundu.

Amene mwatsata mbiriyi kuyambira kumayambiriro mukukumbuka kuti ndinanyamula zikwama za anthu kwa zaka ndisanamenyeko mpira wanga. Mpaka lero phewa langa lakumanja ndi lotsikirapo pang'ono. Ndiye ndimadziwa zomwe zimabisala m'matumba a zikwamazi: mipira yotha yomwe mwiniwake sadzaimenyanso, magolovesi ouma gwaa, botolo la madzi a mwezi watha, ambulera ziwiri, makadi olembapo zigoli a masewero oiwalika. Mwini chikwama sadziwa kulemera kwake chifukwa sachinyamula. Ine polongedza ndinali ndi funso limodzi pa chinthu chilichonse: kodi ndikanakhala ndine kadi, ndikanamutukwana mumtima munthu woika ichi?

Ndinayambira pa ndodo. Lamulo la gofu limalola ndodo 14 basi, ndipo tinkaphunzitsidwa kuti lamuloli linabwera likumvera chisoni anthu ngati ife. Kale ndodo zinali za mtengo, munthu n'kumasewera ndi zochepa. Zitayamba kuloledwa zachitsulo, ku America mu 1924 ndipo ku Britain mu 1929, osewera anayamba kugula ndodo ya mtunda uliwonse. Lawson Little, amene anapambana mipikisano ikuluikulu ya osewera osalipidwa ku America ndi ku Britain komwe mu 1934 ndi 1935, ankayenda ndi ndodo zopitirira 25. Tangoganizani phewa la mnyamata womutsatirayo. Bungwe loyang'anira malamulo a gofu ku America, la USGA, linaika malire a 14 mu 1938, la ku Britain, la R&A, n'kutsatira mu 1939.

Nkhani yomwe kadi aliyense amaidziwa ndi ya Ian Woosnam. Mu 2001, tsiku lomaliza la mpikisano wa The Open ku Royal Lytham & St Annes, iye anali m'gulu la otsogola. Dzenje loyamba la bwalo limenelo ndi lalifupi, silifuna driver, ndodo yayitali yomenyera mpira kutali, choncho palibe anayang'ana ndodo zazitali. Atafika poyambira dzenje lachiwiri, kadi wake anapeza kuti m'chikwama muli ma driver awiri, ndodo zonse pamodzi 15. Chilango chinali mashoti awiri. David Duval ndiye anatenga chikhocho, Woosnam n'kuthera pa nambala yachitatu pamodzi ndi ena. Madala amene ankatiyang'anira makadife, Mulungu ause mzimu wawo, ankati kadi wosawerenga ndodo asanaponde udzu wa dzenje loyamba sanayambe ntchito. Ine ndimawerengabe, ngakhale ndikusewera ndekha madzulo.

Zanga zinalipo 16, kutanthauza kuti ziwiri zimayenera kutsala. Apa mpomwe kulongedza kumafuna kuti uyambe wadziwa kumene ukupita. Old Course, bwalo lakale lotchuka la ku St Andrews, ili m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, pa dothi la mchenga louma msanga, popanda mitengo yotchinga mphepo. Mpira wokwera m'mwamba kumeneko umakhala wa mphepo, osati wako. Anthu amaumenya wotsika, uzigudubuzika pansi, ndipo si zachilendo kuona munthu akugwiritsa ntchito putter, ndodo yolowetsera mpira m'dzenje, ali kutali ndithu ndi gilini, kaudzu kosalala kozungulira dzenjelo. Ndinasiya wood yanga ina yokweza mpira kwambiri, ndinasiyanso wedge ya madigiri 60 yomwe imafuna udzu wofewa pansi pake. Ndinabwezera m'chikwama 3 iron, imodzi mwa 16 zija, yomwe inali itaiwalika kuseri kwa chitseko. Sand wedge yokha sinali yokambirana: bwaloli lili ndi maenje a mchenga 112, ena akuya moti munthu amalowamo n'kusowa, ndipo limodzi pa dzenje la 14 analitcha Hell.

Kenaka panabwera nkhani ya chovindikira chikwama paulendo wa pandege. Zilipo za mitundu iwiri, cholimba ngati bokosi ndi chofewa cha nsalu yokhuthala chokhala ndi mateyala. Cholimbacho chimateteza bwino, palibe wotsutsa. Vuto lake limaoneka mukatsika ndege: amuna anayi, mabokosi anayi aatali osapindika, masutikesi anayi, galimoto yobwereka imodzi. Chofewa umati ukatulutsa chikwama n'kuchipinda, n'kuchiponya pansi pa bedi. Ndinasankha chofewa, podziwa kuti ntchito yoteteza ndodo yagwera ine mwini.

Chikwama cha gofu chikagwa chamutu, yomwe imalandira nkhonya yonse ndi ndodo yayitali kuposa zinzake, ndiyo driver, ndipo imathyokera pakhosi, pomwe mutu umakumana ndi mpini. Ma driver a masiku ano ali ndi kabawuti pansi, umangomasula ndi kasipanala kake mutu n'kuchoka. Ndisanamasule ndinajambula pafoni manambala a pakhosipo kuti ndikabwezere monga zinalili. Mutuwo ndinaukulunga m'masokosi n'kuuika pakati pa majuzi mu sutikesi, kasipanalako m'thumba la chikwama. Ma iron ndinawasonkhanitsa pamodzi, mitu yake kuyang'ana mkati, n'kulukaluka mataulo pakati pake kuti zisamagundane. Panatsala chinthu chimodzi. M'masitolo a gofu amagulitsa ndodo yotalikitsidwa yokhala ndi kambale kumutu, yoti iziposa ndodo zonse kutalika, ndiye chikwama chikagwa iyo ndiyo imagunda pansi. Ine ndinalowa m'khitchini n'kuzula mpini wa mopu.

"Bambo, mopu wanga mukupita naye kuti?" anafunsa mayi a kunyumba ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ku Scotland, mayi."

"Ine mwandisiya, koma mopu ndiye mwamudulira tikiti?"

Ndinawalonjeza kuti mpiniwo ubwerako ndi nkhani zambiri. Pamwamba pake ndinavekapo mpira wa tenesi woboola kuti usang'ambe nsalu, ndipo mpaka pano sindinaone chida chogula chomwe chingaupose.

Pali ndodo imodzi yomwe inandisowetsa tulo. Putter yanga ndi yakale, yomwe bwana wina amene ndinamunyamulira chikwama nthawi yaitali anandipatsa tsiku lomwe anasiya kusewera. Driver ikathyoka umagula ina. Iyi ayi. Ndinkafuna kukwera nayo m'manja, koma ndodo za gofu sizilowa m'chipinda cha okwera ndege, pa zifukwa zomwe aliyense amene anagundidwapo ndi iron angazimvetse. Mwana wanga wamkazi anati, "Bambo, ingoisiyani, mukabwereke ina komweko." Ndinaganizira mawu akewo usiku wonse. Koma mwini putter ija ankakamba za St Andrews pafupifupi tsiku lililonse tikuyenda pabwalo, ndipo anamwalira asanapondeko. Ndinaikulunga m'buluku la mvula, n'kuiika pakatikati pa zinzake.

Za zovala sinditaya nthawi yambiri, ngakhale apa mpomwe ambiri amadzaza sutikesi. Nyengo ya m'mphepete mwa nyanja ku Scotland imasintha kangapo masewero amodzi asanathe, ngakhale m'miyezi yomwe eni ake amati ndi yotentha. Chijasi chimodzi chokhuthala chimamanga mapewa, sungazungulire nacho bwino pomenya. Zofunika ndi zopyapyala zingapo zovala chosanjikiza, zoti uzivula ndi kuvala mukuyenda, pamwamba pake jekete ndi buluku zosalowa madzi. Chipewa cha ubweya, inde. Magolovesi a mvula, aja amagwira kwambiri akanyowa, inde, chifukwa achikopa akanyowa amaterera ngati mlamba. Ambulera ndinaisiya dala. Mvula yobwera cham'mbali ndi mphepo ya panyanja, ambulera imangotembenuka, iwe n'kutsala ukulimbana nayo anzako akudikira.

Nsapato ndiye ndinazilemekeza. Maenje 18 ndi ulendo wa makilomita 8 kapena 10, ndipo pa Old Course anthu amayenda wapansi. Ndinatenga mapeya awiri, onse akale odziwa mapazi anga, kuti ina ikanyowa igone ndi nyuzipepala mkati, ine ndivale inzake. Mnzathu wina anagula zatsopano zoyera mbee, zoti akajambulitse nazo pa mlatho wotchuka wa Swilcan wa pabwalopo. Ndinamuponyera mapulasitala m'thumba osanena kanthu. Ndinazitsukanso bwino kunsi, kuchotsa dothi ndi udzu wonse. Chizolowezichi n'chabwino kulikonse, koma amene mudzapite ku Australia kapena ku New Zealand dziwani kuti kumeneko ndi lamulo: nsapato za gofu amaziyang'ana pabwalo la ndege poopa matenda a zomera ndi a ziweto obwera ndi dothi.

Tsopano mfundo yomwe ndimaiona yaikulu pa zonse. Katundu wa paulendo wa gofu ali pawiri: womwe ungabwereke kapena kugula ukafika, ndi womwe sungaupeze kwina. Ndodo zimabwerekedwa, St Andrews ndi tawuni yomwe masitolo a gofu ali paliponse. Koma nsapato zozolowera phazi lako, mankhwala ako, magalasi ako, ndi umboni wa handikapu yako (nambala yosonyeza luso lako pa gofu), zimenezo zimakwera nawe m'kachikwama ka m'manja. Old Course salola munthu wa handikapu yoposa 36, ndipo angathe kukufunsa umboni usanayambe. Kuyambira 2020 dziko lonse linayamba kulowa m'ndondomeko imodzi yowerengera handikapu, World Handicap System, choncho nambala yako imamveka kulikonse. Ine ndinali nayo pafoni komanso papepala, chifukwa foni imatha moto nthawi yolakwika. Mabatire apadera a kachipangizo koyezera mtunda ndi power bank nazonso zinalowa m'kachikwama komweko, popeza mabatire a lithium osalumikiza ku chipangizo saloledwa kunsi kwa ndege.

Chifukwa chonyamulira zonsezi m'manja n'chakuti ife tinalibe nthawi yosungitsiratu pa Old Course. Tinkadalira maere omwe amachitika masiku awiri tsiku losewera lisanafike. Dzina lanu likatuluka, ndi tsiku limenelo, ola limenelo. Simungauze munthu kuti dikirani kaye, chikwama changa chikadali m'njira. Ndi nsapato zako kuphazi ndi golovesi m'thumba, ukhoza kubwereka ndodo n'kusewera. Komanso Lamulungu bwaloli limatsekedwa kwa osewera, anthu a m'tawuni amangoyendamo ndi ana ndi agalu awo, ndiye ndinaikamo zovala wamba zoti tsiku limenelo ndikayende ndithu dzenje ndi dzenje, ndione ndi maso a kadi komwe mpira suyenera kupita.

Ndisanatseke zipi ndinajambula ndodo zonse zili ndandanda, n'kujambulanso chikwama chotseka. Ndinalemba dzina ndi nambala ya foni kunja ndi mkati momwe. Pa maulendo a pakati pa mayiko pali pangano la ku Montreal la 1999, lomwe limati katundu akaonongeka uyenera kudandaula polemba pasanathe masiku 7 chimulandirire. Chanzeru ndi kutsegula chikwama pabwalo la ndege pomwepo, usanatuluke.

Tikiti yathu inkalola makilogalamu 23 pa chikwama chilichonse. Ndinakwera pa sikelo ya kubafa ndekha, n'kukweranso nditakumbatira chikwama, n'kuchotsera. Ndinali pansi pa malire ndi mpata wabwino. Ndinaimbira alamu kuti nawonso achite chimodzimodzi.

"Alamu, mipira mwatenga ingati?"

"Mabokosi anayi, alamu. Mwamva za minga ya kumeneko?"

Za minga sananame. M'mbali mwa bwaloli muli zitsamba za gorse, za maluwa achikasu ndi minga yoopsa, ndipo kuyambira 2019 lamulo limangopereka mphindi 3 zofunafuna mpira wotayika, pomwe kale zinali 5. Koma mpira umodzi umalemera pafupifupi magalamu 46, bokosi la mipira 12 limapitirira theka la kilogalamu, ndiye mabokosi anayi ndi makilogalamu awiri ndi kanthu. Ndinawauza kuti akupita ndi mipira ku tawuni yomwe inkasoka kale mipira ya gofu ya chikopa ndi nthenga zaka mazana apitawo. Iwo anati sikelo yawo ya kubafa ndi yabodza kuyambira kale, saikhulupirira.

Ya pabwalo la ndege inali yoona. Alamu anagwada pansi pakati pa mzere wa anthu, kutsegula chikwama, n'kuyamba kutulutsa: mabokosi a mipira, nsapato peya yachitatu, ambulera yaikulu ija ya mipikisano, ndi kampando kopinda komwe mpaka lero sanandifotokozere ntchito yake. Mipira ina anaithira m'matumba a jekete, n'kuyenda ikugogoda mpaka pa makina oyendera anthu, pomwe anawauza aitulutse yonse umodziumodzi. Zikwama zinayi zija tinakazipereka pa khomo la katundu wamkulu, wantchito anazigoneka pa lamba, zinalowa kuseri kwa nsalu za labala.

Ku Edinburgh tinaima pa khomo ngati lomwelo mpaka anthu onse a ndege yathu anatha. Zinatuluka zitatu. Chomwe chinatsala chinali cha yani, ndi zomwe zinachitika dzina lathu litatuluka pa maere chikwamacho chisanapezeke, ndidzakuuzani m'gawo 13.