Mbande imodzi pa phando

Dzinja lapitali ndinasiya kuwokera mpunga mothithikana ngati mmene ankachitira bambo anga. Ndime yanga ili ku sikimu ya Domasi ndipo ndimalima Kilombero. Alangizi anatiphunzitsa njira ya SRI (System of Rice Intensification), yowokera mbande imodzi yaing'ono pa phando motalikirana, imene inayambitsidwa ku Madagascar ndi wansembe Henri de Laulanié m'zaka za m'ma 1980. Ine chinandikoka n'chakuti mbewu yosaposa makilogalamu 10 imakwana hekitala yonse.

Ndinayamba ndi kusankha mbewu. Ndinasungunula mchere mu ndowa ya madzi mpaka dzira laliwisi linayandama, n'kuthiramo mpunga. Woyandama ndinauchotsa, womira ndinautsuka katatu ndi madzi abwino kuti mchere uchoke. Unagona m'madzi tsiku lathunthu, kenaka ndinaufundika m'thumba lonyowa kufikira timizu titatuluka. Nazale inali kabedi kokwezeka kamanyowa, kakang'ono moti mnzanga anafunsa ngati ndikufesa rapu.

Pa masiku 10, mbande zili ndi masamba awiri, tinayamba kuwokera. Apa m'pamene pali ntchito. Mbande yaing'ono chonchi sufwamphula. Umaitapa ndi dothi lake, ndipo isadikire padzuwa, ilowe m'matope theka la ola lisanathe. Tinakoka chingwe chomangidwa mfundo pa masentimita 25 alionse, mbande imodzi pa mfundo, osaizika mwakuya. Aganyu ankachedwa chifukwa zala zinazolowera kugwira zisanu nthawi imodzi, ndiye tsiku loyamba ndalama inatuluka yambiri kuposa kale. Titamaliza, ndime inkaoneka ngati simunabzalidwe kanthu. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, chaka chino tidya chingwe?"

Cholakwa changa chinali kusalaza. Ndinachita mothamanga, ndipo pangodya ina potsika madzi anadikha n'kumiza timbande. Mwayi ndinali nditasiya zina mu nazale, ndinapakiza. Amene mukufuna kuyesa, tayani tsiku lowonjezera pa kusalazako, chifukwa mbande ya masiku 10 siili ngati ya mwezi imene imasuzumira pamwamba pa madzi.

Madzi sindinkawasunga nthawi zonse. Ndinkalowetsa ochepa, kuwasiya aphwe mpaka nthaka itayamba timing'alu, n'kulowetsanso. Mpunga utayamba mimba m'pamene ndinasiya madzi pang'ono okhazikika. Kuipa kwake, udzu umasangalala pamene palibe madzi. Ndinapalira katatu, masiku 10 alionse, ndi kachipangizo kokankha kamene tinabwerekana pagulu. Kamadutsa bwino pakati pa mizere, n'kukwirira udzu m'matope kuti uwolere momwemo.

Patatha mwezi ndi theka ndinagwada pa phando limodzi kuwerenga mphukira, ndipo ndinasokonezeka nditadutsa 20. Mbewu imene inatsala m'thumba tinakapunthitsa ku chigayo, tinadya pa Khirisimasi.