Corolla yanga: madzi otsukira galasi ayambanso kutuluka

Ndabweranso ndi nkhani ya Corolla NZE121 ija ndikuikonza pang'onopang'ono. Za mabuleki tinamaliza, ulendo uno ndinali pa madzi otsukira galasi lakutsogolo omwe chigulireni galimotoyi sanatulukepo bwino, kenako anangosiyiratu. Ena aziti ndi kanthu kakang'ono, koma tayendani pa M1 madzulo mu Okutobala muno, fumbi la mathiraki lamata pagalasi pamodzi ndi tizilombo, ndiye magetsi a galimoto yochokera kutsogolo akuwalireni, simuona chilichonse. Komanso kuyendetsa mawaipa pagalasi louma kumangokanda galasilo ndi kudya malabala.

Poyamba sindinagwire sipanala ayi, ndinangomvetsera. Kiyi pa ON, injini yozima, wailesi yozima, mphwanga ali mkati akukoka ndodo ya waipa, paja pa galimoto zochokera ku Japan zimenezi ndodoyo ili kumanzere kwa chiwongolero ndipo umaikokera kwa iwe, ine ndili panja khutu pafupi ndi thanki ya madzi otsukira galasiwo. Mawaipa amayenda bwinobwino, pampu imalira ndithu koma kulira kwake kolemera, madzi osatuluka ngakhale dontho. Pamenepo ndinadziwa kuti magetsi akufika, fyuzi ili moyo, swichi ili moyo. Pampu ikanakhala chete ndikanayambira ku fyuzi, ndipo fyuzi ikapsa muziikapo ya ma amp omwewo, zokulunga kawaya pa fyuzi zija zimaotcha mawaya a galimoto.

Apa ndiikepo kanthu kamene kamasokoneza anthu ambiri pa Toyota. Pampu imeneyi imakhala ndi 12 volts nthawi yonse kiyi ikakhala pa ON, chimene ndodo ya waipa imachita ndi kulumikiza mbali ya earth, ija ya negetivi. Ndiye munthu amayika tesita, kanyali koyezera magetsi, pa pulagi ya pampuyo, nkuona yayaka asanakoke ndodo, basi nkuyamba kunena kuti pali shoti pomwe zonse zili bwino. Njira yabwino ndi kuzula pulagi, kuika tesita pakati pa mapini awiriwo, wina akoke ndodo. Ikayaka, mbali ya magetsi mwathana nayo. Yanga inayaka.

Kenako ndinatsatira kapaipi ka madzi. Pansi pa boneti pali pomwe kamagawikana kupita ku tima nozo tiwiri toponya madzi pagalasi, ndinakazula pamenepo, mphwanga nkukokanso ndodo. Madzi amangodontha mwaulesi, kusonyeza kuti chatseka chili kumunsi, ku thanki. Apa ndiye panali ntchito chifukwa pampu siioneka ukatsegula boneti, ili pansi pa thanki kuseri kwa bampala. Jeki, sitandi pansi kuti galimoto isadalire jeki yokha, tayala kunja, nkumasula pulasitiki yakuda ya mkati mwa madigadi. Timakilipu take timathyoka msanga tikakalamba ndiye muzitukula kapakati kaye musanakoke. Pampu ilibe bawuti, imangolowa mu kalabala ka pathanki, umaigwedeza uku ndi uku ikutuluka. Ikani beseni pansi musanaizule.

Zomwe zinatuluka mmenemo abale! Madzi otuwa onunkha, kenako zinthu zoyera zonanda ngati phala lozizira, zina zitauma nkukhala timiyala tomwe ndimatiphwanya ndi zala. Ndi sopo waufa ameneyu, wochapira zovala, amene wina ankathira mu thanki galimotoyi isanafike mmanja mwanga. Ndikudziwa anthu ambiri amatero poganiza kuti galasi liziwala, koma sopoyu sasungunuka yense, amakhazikika pansi penipeni pomwe pampu imakokera madzi, ukaphatikiza fumbi ndi madzi a pamjigo okhala ndi mchere ndiye zimagwirana zolimba. Pakamwa pa pampu panali potsekeka pafupifupi ponse. Zinandimvetsa chisoni kuti kapampu kameneka kakhala kakulimbana ndi zimenezi nthawi yonseyi osapsa.

Ndinaitsuka ndi mswachi wakale ndi madzi ofunda, nkuiyesa pa batire mwachindunji ndi timawaya tiwiri, kungogunditsa pang'ono chifukwa siifuna kuzungulira youma nthawi yaitali. Kulira kwake kunasinthiratu, kopepuka. Mnzanga wina anali atandiuza kale kuti ndingopita ku Biwi, ku Lilongwe, ndikagule pampu ina, ndikanatero yatsopanoyo ikanatsekekanso ndi matope omwewo mu thanki yomweyo. Thankiyo ndinaitsukira pomwepo osaichotsa, kuthira madzi pamwamba akutulukira pabowo la pampu mpaka anayamba kutuluka oyera.

Nditabwezeretsa zonse nozo ya kumbali ya dalaivala inaponya madzi bwino, ya pasenjala imangolavula cham'mbali. Ndinaizula, kuiviika mu viniga kuti mchere usungunuke, nkuipemerera chobwerera kuchokera kukabowo kakutsogolo kuti zinyalala zitulukire komwe zinalowera. Singano ndinangoigwiritsa ntchito mopepuka, ukakankha mwamphamvu kabowoko kamakula ndipo madzi sapitanso patali. Ndinapezanso kuti kapaipi kang'ambika pang'ono pafupi ndi hinji ya boneti, pomwe kamapindika nthawi zonse ukamatsegula ndi kutseka, ndinadula kachigawo koumako nkulumikiza ndi kajoini ka pulasitiki. Malo amenewo muziwayang'ana, madzi amatha kumathera mu boneti inu mukuti pampu yafooka.

Pano mbali zonse ziwiri zikuponya pakati pa galasi. Mu thanki ndathiramo madzi oyera ndi mankhwala ake enieni otsukira galasi ogula mu shopu ya zipangizo za galimoto, sopo wa mbale ndamukananso chifukwa amachita thovu lambiri nkusiya mizere pagalasi. Chatsala ndi kalabala ka pathanki kaja, kauma ndipo kakudontha pang'ono pomwe pampu imalowa, ndaona kadontho pansi mmawa. Ndikasaka kena Loweruka pamodzi ndi malabala a mawaipa mvula isanayambe, ndipo ndikatsegulanso madigadi ndiyika timakilipu tatsopano nthawi yomweyo.