Anamkungwi a raibosomu ya bakiteriya

Kwa zaka zingapo ndinkauza ophunzira anga kuti raibosomu, kamakina kamene kamalumikiza mapuloteni m'selo, imadzimanga yokha, ndipo umboni ndinali nawo. M'chaka cha 1968, Peter Traub ndi Masayasu Nomura a pa yunivesite ya Wisconsin anaphwasula chigawo chaching'ono cha raibosomu ya E. coli, bakiteriya wa m'matumbo mwathu, chotchedwa 30S, nalekanitsa RNA (ulusi wautali umene uli ngati msana wa chigawocho) ndi mapuloteni ake, ndipo atazisakanizanso m'kabotolo chigawocho chinabwerera mwakale n'kuyamba kugwira ntchito. Mu 1974, Knud Nierhaus ndi Ferdinand Dohme ku Berlin anachita zomwezo ndi chigawo chachikulu cha 50S. Chimene sindinkachilabadira ndi thukuta limene akatswiriwa anakhetsa: kuti 50S ikhazikike, anaitenthetsa pa madigiri pafupifupi 40, kenako pa madigiri 50 atawonjezera magineziyamu, ntchito yonse n'kudya nthawi yoposa ola limodzi. Bakiteriya wa m'matumbo mwathu, pa madigiri 37 okha, amamaliza zonsezi m'mphindi zochepa chabe.

Kusiyanaku kumachokera ku gulu la mapuloteni amene amaperekeza raibosomu ikamakula, koma ikakhwima sapezekamo. Ine ndimawatcha anamkungwi, chifukwa amalanga namwali, amamutsekera m'tsimba mpaka nthawi itakwana, kenako amabwerera kwawo.

Vuto lenileni ndi la RNA. Ulusi wa 16S, wa m'chigawo cha 30S, uli ndi manyukiliyotaidi (timagawo timene timapanga ulusiwo) oposa 1,500, wa 23S, wa m'chigawo cha 50S, uli ndi pafupifupi 2,900, ndipo ulusi wautali chonchi umayamba kudzipinda usanathe n'kutuluka komwe. Mbali zina zimagwirana ndi mnzake wolakwika, ndipo zikagwirana sizifuna kulekana, monga ukonde umene waponyedwa m'bwato mosasamala. Mapuloteni monga SrmB ndi DeaD amagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, mafuta a m'selo, kumasula mfundo zoterezi kuti ulusiwo upeze mpata wopindikanso bwino. Kukazizira mfundozo zimalimba kwambiri, n'chifukwa chake bakiteriya wosowa mmodzi mwa anamkungwiwa nthawi zambiri amaoneka wabwinobwino pa madigiri 37 koma amafooka pamalo ozizira. Amene anaonapo mbale ziwiri za m'labotale atazigundaniza saiwala: ina itadzaza timadontho tonenepa ta bakiteriya, inayo, yosungidwa pozizira, ili ndi timadontho ngati nsonga za singano, toti uchite kupendeketsa mbaleyo pa kuwala kuti utione. Kuzizira komweku n'kumene kunatsogolera Carol Dammel ndi Harry Noller ku namkungwi wina wa 30S, RbfA, mu 1995.

Palinso anamkungwi ena: RimM imathandiza kuti mutu wa 30S uumbike bwino, ndipo Era imagwira kumchira kwa 16S, pafupi ndi pamene uthenga wa mRNA, ulusi wonyamula malangizo opangira puloteni, udzafikire. Ikasowa RimM kapena RbfA, m'selo mumaunjikana RNA wa 16S wosadulidwa mokwanira, wotchedwa 17S, chizindikiro chakuti zigawo zambiri zaima panjira.

Komabe ndikuona kuti kufulumizitsa ntchito si udindo waukulu wa anamkungwiwa. Udindo wawo waukulu ndi kuletsa, ndipo KsgA ikusonyeza zimenezi bwino kuposa onse. Puloteni imeneyi imakhala pa 30S yosakhwima, pamalo amene amalepheretsa chigawocho kulumikizana ndi 50S, ndipo imaika timagulu tiwiritiwiri ta methyl, tizizindikiro tating'ono ta kaboni ndi haidirojeni, pa manyukiliyotaidi awiri oyandikana, A1518 ndi A1519, isanachoke. Dzina lake linachokera ku kasugamycin, mankhwala amene alimi a mpunga ku Japan amapopera m'minda, chifukwa bakiteriya wopanda KsgA samva msanga mankhwalawo. Chodabwitsa n'chakuti kuichotseratu KsgA sikumupweteka kwenikweni bakiteriya, koma kumupatsa KsgA yolumala, imene imagwira 30S koma yosatha kuika methyl, kumamufooketsa kwambiri, popeza namkungwi wotero amakakamira pakhomo ndipo namwali satuluka. Apa ndinazindikira kuti chizindikiro cha methyl chili ngati chilolezo chakuti mlonda achoke.

RbfA nayo sichoka yokha. Imadikira puloteni ina, RsgA, imene imaphwanya GTP, mbale wa ATP, n'kuchotsa RbfA pa 30S imene yakhwima. Ku chigawo chachikulu, bakiteriya wa m'dothi Bacillus subtilis amadalira RbgA, imene E. coli alibe. RbgA ikachepa, m'selo mumadzaza zigawo zosakhwima za 50S, zotchedwa 45S, zosowa mapuloteni ochepa monga L16 ndi L27, ndipo ngakhale zatsala pang'ono kutha, sizingalumikize puloteni ngakhale imodzi. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa chake, pakuti raibosomu yosakhwima ikaloledwa kuwerenga mRNA ikhoza kuyambira polakwika kapena kuima pakati, n'kutsekereza zinzake zimene zikubwera m'mbuyo pa ulusi womwewo.

Mankhwala amene timawadziwa m'zipatala, monga gentamicin, tetracycline ndi erythromycin, amalimbana ndi raibosomu imene yayamba kale ntchito. Ofufuza ena akuyang'ana kwa anamkungwiwa, makamaka Era, Der ndi ObgE amene E. coli sangakhale moyo popanda iwo. Chovuta n'chakuti maitokondiriya, opanga mphamvu m'maselo athu, amene makolo awo anali mabakiteriya, ali ndi abale a mapuloteni omwewa, monga ERAL1, kotero mankhwala otero ayenera kudzatha kusiyanitsa Era wa bakiteriya ndi wa wodwalayo.