Mphindi yoyamba ya khanda

Lero masana, dzuwa likuswa mtengo kuno ku Nsanje, ndinaona mtsikana wophunzira unamwino akupatsidwa chidole chonga khanda lobadwa kumene, mphunzitsi n'kumuuza kuti mwanayo sakulira. Manja ake ananjenjemera, ndipo chipangizo chopumitsira sichinakhale bwino pamphuno ndi pakamwa, koma atabwereza kachitatu chifuwa cha chidolecho chinayamba kukwera.

Mtima wanga wakhala pansi poona kuti kulakwitsako kwachitikira pa chidole, osati pa mwana wa munthu. Khanda losapuma liyenera kuthandizidwa m'masekondi 60 oyamba, nthawi imene ambulansi singathe kukwera mapiri a Chikwawa kukafika ku Blantyre. Ndikulakalaka maphunziro otere atafika m'zipatala zazing'ono zakumidzi, kumene nthawi zambiri mzamba amagwira ntchito yekha usiku.