Lachitatu: mitengo ya ufa inasokonekera mu R

Lero ndafika ku ofesi mochedwa, minibasi yochokera ku Chelstone inaima nthawi yaitali pa Great East Road, ndiye pokhala pansi mutu unali utatentha kale. Ntchito ndi ija ya mitengo ya ufa yomwe timatolera m'misika ya kuno ku Lusaka, Soweto, Matero, Chilenje. Fayilo yake ndi yaikulu ndipo function (kagulu ka malamulo kogwira ntchito imodzi) iliyonse yomwe ndinalemba mu R, chilankhulo cha pakompyuta chosanthulira manambala, imaiwerenganso kuyambira pachiyambi, laputopu mpaka kumachita kulira.

Sabata yatha pofuna kuthana ndi zimenezi ndinalemba `mitengo <<- read.csv(...)` mkati mwa function, kuti fayilo iwerengedwe kamodzi n'kusungidwa pa dzina loti mitengo. Zinayenda. Koma lero manambala a ku Matero atuluka osamveka, ndafufuza mpaka 11 koloko osapeza, mtima uli phaphapha chifukwa lipoti likufunika Lachisanu ndipo anthu adzakhulupirira zomwe talembazo.

Achemwali omwe timakhala tebulo limodzi anangoyang'ana kamodzi. Ati, "Achimwene, ufa mwauyanika pabwalo, nkhuku iliyonse ikudutsapo." Kenako anandifotokozera bwinobwino kuti `<<-` amakwera m'ma environment (malo omwe R imasungamo mayina ndi zinthu zake) a pamwamba kufuna dzinalo, akalisowa amangolilenga mu global environment, pomwe aliyense amafika. Script (fayilo ya malamulo a R) yanga ina inkagwiritsanso ntchito dzina lomwelo, mitengo, ndiye inalemba pamwamba mwakachetechete, popanda error ngakhale imodzi.

Anakoka mpando nalemba `nkhokwe <- new.env()`, kupanga environment yatsopano yapayokha, kenako `nkhokwe$mitengo`. Function iyambe yafunsa ndi `exists("mitengo", envir = nkhokwe, inherits = FALSE)`, ngati zilimo ingotenga, ngati mulibe iwerenge fayilo kamodzi n'kusunga. Basi.

Chomwe chandigwira mtima ndi kuyesa komwe tinachita. Tinapatsa function list (mndandanda wa zinthu), inasintha zamkati, titayang'ana panja list ili momwe inalili, chifukwa R ikafuna kusintha imayamba yakopera. Tinaipatsa environment, inasintha, panja napo zasintha! List uli ngati wapereka fotokope, environment wapereka kiyi wa chipinda chenichenicho, ndiye ma function anga onse asanu akutapa m'nkhokwe imodzi. Anandichenjezanso kuti mmodzi akawononga zamkatimo onse alandira zowonongekazo, choncho wolembamo akhale function imodzi yokha, enawo azingowerenga.

Pa lanchi tikudya nsima ndi chibwabwa anandiuza kuti Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, omwe anayambitsa R ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand, nzeru iyi anaitenga ku Scheme, yoti function imakumbukira environment yomwe inabadwiramo. R 1.0.0 inatuluka mu 2000, zaka zonsezi chinthuchi chilipo, ine ndachimvetsa lero.

Manambala a ku Matero abwerera m'malo mwake cha m'ma 3. Pano ndikulemba pa foni, magetsi kulibe. Mawa ndikufuna ndiike nkhokweyo mkati mwa `local()` kuti ma function okhawo obadwira mommo ndiwo aziiona.