Mabuku a m'chipinda choyesera mababu anathera m'bini

Sabata yathayi ndinali ku fakitale ina ya mababu m'chigawo chapakati cha England, yomwe inatsekedwa kalekale ndipo akuigwetsa kuti amangepo nyumba zogona. Dzina lake sinditchula. Anzanga amene timalemba mbiri ya nyumba zakale zisanagwetsedwe, mukudziwa kale kayendedwe kake. Khonsolo imalamula kuti njerwa isagwe lipoti lisanalembedwe, mwini malo amafuna wotchipa, ndiye ofesi yathu imapata tenda polonjeza lipoti longofotokoza nyumbayo (Level 2) pamalo poyenera lofufuza mozama (Level 3). Kenaka amatuma ife kuti tikachite zozizwitsa.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za nthawi zonse. Kusaina mapepala a chitetezo, kumva za asibesitosi, kuuzidwa kuti mbali yomwe ankapangira machubu a fluorescent ndi yotseka chifukwa cha mercury. Magetsi anadula kale, koma ofesi inakana kubwereka nyali zojambulira, ati bajeti. Ndinkajambula holo yaikulu ndi thochi ya pachipewa, mnzanga akuyeza makoma.

Lachiwiri madzulo tinakwera m'chipinda cham'mwamba chomwe pa mapulani anangolemba kuti sitolo. Sichinali sitolo. Khoma lonse linali mashelefu a zitsulo okhala ndi maholda a mababu mizeremizere, a mapini aja, onga amene tinakulira nawo kwathu ku Malawi. Umu ndimo ankayatsa mababu usana ndi usiku mpaka atapsa, kuti aone kutalika kwa moyo wake. M'makabati munali mabuku akuluakulu olemba pamanja: tsiku loyatsa, mphamvu ya magetsi, ola limene babu yapsa, ndi siginecha ya woyesa.

Wodziwa mbiri ya mababu sangaone mabuku otere mtima n'kukhala m'malo. Mu December 1924, ku Geneva, makampani akuluakulu monga Osram ndi Philips anapangana m'gulu lotchedwa Phoebus kuti babu wamba isapitirire maola 1,000, ndipo fakitale yopanga zokhalitsa kuposa pamenepo inkalipitsidwa chindapusa. Gululo linatha ndi nkhondo yachiwiri, koma maola 1,000 anakhalabe muyeso kwa zaka zambiri. Anthu amakangana mpaka lero ngati kunali kubera ogula chabe kapena panalinso nzeru, poti kawaya ka tungsten ka m'kati mwa babu kakatentha kwambiri kamawala bwino koma sikakhalitsa. Mkangano wotere umafuna manambala a m'fakitale, ndipo manambalawo ndinawagwira ndi manja angawa.

Ndinaimbira abwana pomwepo. Ndinawapempha zinthu zochepa: alembere woyang'anira malowo kuti chipindacho chisakhudzidwe, ndiponso adziwitse ofesi yosunga zolemba zakale ya m'deralo kuti idzatenge mabukuwo. Anandiyankha kuti, achimwene, ife amatilipira kuti tilembe makoma, mapepala si gawo lathu, koma aona m'mawa.

M'mawa mwa Lachitatu ndinapeza zenera la chipindacho lili pululu, paipi yotsitsira zinyalala italowa m'bini. Anyamata ochotsa zam'kati anayamba mbandakucha. Mabuku onse anali pansi, atasakanikirana ndi zidutswa za siling'i yomwe ankaikayikira kuti ili ndi asibesitosi, mvula ikuwathira. Malamulo mukuwadziwa: chilichonse chimene chalowa m'bini yotere chasanduka zinyalala zoopsa. Anaikutira, anaimata, lole inabwera masana. Woyang'anira malo anandionetsa foni yake, panalibe uthenga uliwonse wochokera ku ofesi yathu. Anyamatawo sindikuwada, amalipidwa pa tsiku ndipo palibe anawauza. Chimene chikundiwawa n'chakuti uthenga wa mizere iwiri ukanakwanira, koma munthu anasankha kuti asakhumudwitse kasitomala. Chotsala ndi masamba ochepa amene ndinajambula ndi thochi ija, ena osawerengeka bwino.

Lachinayi kunabwera mayi wina wachikulire pageti, anamva kuti fakitale ikugwa. Anagwiramo ntchito ali mtsikana. Sakanaloledwa kulowa, ndiye ndinawaonetsa zithunzi pa kamera. Mabowo a mabawuti omwe ife tinalemba kuti sitikudziwa ntchito yake, iwo anangoti apa panali makina ozungulira omata galasi ndi malawi a gasi, apa opopa mpweya m'mababu ndi kuthiramo gasi wa argon, uko ndiye mabenchi a amayi oika kawaya. Anafotokoza za kutentha, za zala zochekeka ndi magalasi, za maso otopa pofika madzulo. Atavomera, ndinawajambula mawu pa foni yanga nthawi ya nkhomaliro, chifukwa kucheza ndi ogwira ntchito akale nakonso mulibe mu tenda.

Chimandidabwitsa ndi chimene dziko lino limasankha kusunga. Ku Glasgow, fakitale ya Luma ya m'ma 1930 inasanduka nyumba zogona, ndipo nsanja yake ya magalasi, momwe ankayeseramo mababu, ikadalipo. Ku Brook Green mu London, nsanja ya Osram yaima pambali pa sitolo ya Tesco. N'zabwino ndithu, koma nsanja siikuuza kuti babu inkakhala maola angati kapena kuti ankaipanga ndani. A ku Eindhoven, m'dziko la Netherlands, anachitako bwino, kafakitale komwe Philips inayambira mu 1891 ndi nyumba yoonetsera mbiri yake. Ndipo ku England kuno ndi kwawo kwa Joseph Swan, mmodzi mwa amene anatulukira babu ya magetsi, komwe kampani yawo ya Ediswan inatsegula fakitale ku Ponders End mu 1886. Chichokereni mababu akale m'masitolo a ku Ulaya pakati pa 2009 ndi 2012, mafakitale otsala akupita msanga kuposa mmene ife tingawalembere.

Lachisanu ndinakhala pa lipoti. Ndaikamo ndime yofotokoza kuti mabukuwo analipo, ndinawaona liti, ndipo anatayidwa bwanji. Abwana akufuna ndiichotse, ati ikumveka ngati tikuloza chala. Ndawauza kuti akaichotsa achotsenso dzina langa pachikuto. Sanayankhebe, ndipo makina ogwetsera akulowa Lolemba.